Chitseko cha Mayi Elube

Mutu 4

1. Amene anagwetsa nyumba

Amene analakwira Enelesi anali atsibweni ake enieni, a Jeremiya, mlongo wa mayi ake bere limodzi. Anamulakwira mu Julaye chaka cha 2006, patangopita masiku asanu ndi anayi chiikireni maliro a mayi akewo, mayi Elube, m'mudzi wina wa ku Kapelula.

Tsiku limenelo a Jeremiya anafika ndi anyamata atatu, nkhwangwa ndi hamala. Anati mwambo wa makolo sulola kuti nyumba ya womwalira ikhale chiimire, iyenera kugwa kuti mzimu usamabwerere. Munthu yemweyu anali atatha zaka zambiri akunyoza miyambo ya makolo kuti ndi zachikunja. Mwambo anaukumbukira tsiku limodzi lokha, tsiku limene anawerenga malata khumi ndi awiri amene mlongo wake anagula atasoka fodya m'maesiteti zaka zisanu ndi ziwiri.

Malata anakwera padenga la nyumba ya a Jeremiya. Mitengo ya kudenga inapita ku chigafa chawo choyanikamo fodya. Munda anati ausunga mpaka mwana akule.

Enelesi anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Bambo ake anali tenanti wochokera kum'mwera, amene anachoka iye asanayambe kuyenda, osabweranso. Pochokera kusukulu tsiku limenelo, mtsikanayo anapeza zipupa zili pansi, fumbi lisanathe. M'fumbimo anatola chinthu chimodzi, singano yaikulu yosokera fodya. Mayi ake ankaibaya kuseri kwa chitseko madzulo aliwonse akaweruka. Chitsekocho sanachione.

Anagona m'khitchini mwa atsibweni milungu itatu. Azakhali ake a Dorika, akazi a a Jeremiya, ankayeza ufa mokweza mawu kuti iye amve. Mlungu wachinayi Enelesi ananyamuka m'mawa ngati akupita kusukulu, ndipo palibe amene anamulondola.

2. Pakhonde la mayi Rahila

Zaka ziwiri anakhala pa tawuni yaing'ono ya m'mbali mwa msewu wafumbi, mtunda wa maola atatu wapansi kuchokera kwawo. Ankasoka matumba a ogula chimanga ndi soya, ndi singano ija. Ankagona pakhonde la golosale ya mayi Rahila, kuseri kwa migolo ya parafini. Mvula ikakula ankathawira m'shedi ya chigayo.

Mayi Rahila ankamupatsa tiyi m'mawa, ndipo Lachisanu ankamupatsa mpunga. M'nyumba sanamulowetsemo. Ankati ana asanu m'chipinda chimodzi akwana kale.

Masana dzuwa likafika pamutu, msika unkati zii. Enelesi ankatsamira matumba, tulo n'kumuba, ndipo loto linkabwera limodzi lomwelo. Ankaona munda wa fodya wobiriwira, wopanda malire, masamba akugwedezeka koma mphepo osamveka. Pakati pa mundawo pankaima chitseko chokha, chopanda zipupa, chopanda denga. Kuseri kwake munthu ankang'ung'udza nyimbo ya kwaya ya amayi. Enelesi ankayenda, kuyenda, koma mizere inkangowonjezeka. Akati afike, lole inkaliza hutala pamsewu, iye n'kudzidzimuka singano ili m'manja.

A Jeremiya ankadutsa pagolosalepo Lachiwiri lililonse pa njinga. Akafika pamenepo khosi lawo linkauma, linkangoyang'ana mbali ya kuchigayo.

Koma Lachiwiri lina mu Okutobala 2008 khosi linapola. Anatsika njinga, naiyedzamiritsa pamtengo, nayamba kuseka asanapereke moni.

"Amayi anga, mwakula chonchi? Ndatsala pang'ono kukudutsani."

Anakhala pa thumba n'kufotokoza motsitsa mawu. Dzina la mayi Elube linali likadali m'kaundula wa makuponi a fetereza wotsika mtengo. Zaka ziwiri kuponi inkatuluka m'dzina la munthu wa kumanda, a Jeremiya n'kumalandira. Koma chaka chimenecho alangizi anabwera ndi lamulo lina: mayina awerengedwa pagulu, ndipo mwini dzina aimirire anthu onse amuone. Msonkhano unali masana a tsiku lomwelo pabwalo la sukulu.

A Jeremiya anali atakonza kale ndi a komiti ya makuponi kuti dzinalo lisinthidwe, likhale la Enelesi, mwana wamasiye wodzisamala yekha. Iye angoimirira n'kunena kuti amakhala m'mudzimo, amadziphikira yekha, ndipo nyumba yake ndi kanyumba kosungiramo makasu kuseri kwa khola.

"Mawu atatu okha, amayi anga. Kanyumbako kakhala kako kuyambira lero. Fodya wa chaka chino akalowa ku okushoni, ndikuumbira njerwa."

Enelesi anayang'ana migolo ya parafini ndi chiguduli chimene ankafunda. Anati akatsanzike kaye.

3. Mawu a kuseri kwa kauntala

Mayi Rahila anali atamva zonse pawindo. Anamulowetsa kuseri kwa kauntala, koyamba m'zaka ziwiri, namukhazika pa kireti.

"Khala apa, mwana iwe, undimvere. Ine ndaima pamalo ano zaka makumi awiri, ndipo ndaphunzirapo chimodzi. Munthu akalowa muno akuseka asanapereke moni, wabwera kudzatenga, sanabwere kudzagula. Atsibweni akowa amadutsa pano mlungu uliwonse. Mvula ya chaka chatha inkakumenya pakhonde iwo akuona. Utadwala malungo aja mu Febuluwale, amene anakunyamula ndi anyamata a kuchigayo. Lero wasanduka amayi awo.

"Sindikukuletsa kupita. Kwanu ndi kwanu, mchombo wako uli komweko. Ndipo mtsikana sakulira pakhonde. Chaka chino anyamata a malole ayamba kukuyang'ana mosiyana ndi kale, ine ndikuona, ndipo mausiku sindikhala panja kukulondera. Pita ndithu.

"Koma bodza limene ukanene pagulu likakhala chingwe chako. Ukakanena lero kuti uli ndi nyumba, mawa ukadzalira kuti anakugwetsera nyumba, anthu adzakufunsa kuti, suja unanena wekha pamaso pa alangizi? Adzakhala atakutseka pakamwa ndi mawu ako omwe. Thumba la fetereza limatha mwezi umodzi, mwanawe. Zolembedwa m'kaundula sizitha. Ukaime pamenepo maso ali otsegula."

Anamupatsa mabanzi awiri m'pepala, natembenukira kwa munthu amene ankafuna mchere.

4. Chitsime cha kudambo

Enelesi anakwera pakaliyala. Njinga inalowa m'chigwa cha minda, dzuwa la Okutobala likuwotcha mutu. Minda inali yososedwa, yofiira, yopanda tsamba. Kutali mitengo inkaoneka ngati yaima m'madzi, ndipo madziwo ankathawa njinga ikayandikira. Zigafa zopanda fodya zinali ndandanda ngati nthiti za ng'ombe zakufa. Kamvuluvulu anadzuka kumanzere, nanyamula mapesi, nayenda nawo limodzi kwa kanthawi ngati akuwaperekeza, kenako anagona pansi.

A Jeremiya ankapalasa uku akumubwerezetsa mawu atatu aja. Enelesi ankayankha ngati munthu wolankhula kutulo.

Atafika, a Dorika anamuyang'ana kuyambira kumapazi, nati wanenepa, zikuoneka kuti ku tawuni kuli bwino. Msonkhano unali usanayambe. Anamupatsa keni kuti asangokhala, akathandize kuthirira nazale ya fodya kudambo, belu la kusukulu likalira abwere.

Kudambo kunali kobiriwira, malo okhawo m'dziko lonse lofiiralo. Mabedi a nazale anali ataphimbidwa ndi udzu, timbewu ta fodya tikusuzumira. Pachitsime panali a Mphepo, nkhalamba yowonda imene inabwera kudzachita utenanti kalekale n'kukalambira komweko. Tsopano ankathirira nazale za eni ake kuti adye.

M'mphepete mwa chitsime munali matope, ndiye anthu anayalapo matabwa oti azipondapo potunga. Enelesi anapondapo, nawerama ndi keni. Madzi atatayikira pamapazi ake anatsuka matope, ndipo panaoneka utoto wobiriwira wofwifwa.

Anaika keni pansi. Anagwada, napukuta ndi dzanja. Matabwa anali anayi, olumikizidwa ndi ena awiri opingasa. Hinjesi imodzi yopachikira chitseko inali ikadalipo, yadzimbiri. Chakumtunda, pamene pankafika phewa la mayi ake, panali timabowo tambirimbiri tothithikana ngati chisa cha njuchi.

Anatulutsa singano m'mpango wake, naibaya pabowo limodzi. Inalowa yokha, n'kuima.

Zimene anazithawa zaka ziwiri zinamupeza pamenepo. Anakumbukira mwezi womaliza wa mayi ake, pamene chifuwa chinkawatsekereza mawu. Ankamutuma kuti atseke chitseko chifukwa cha mphepo, kenako atsegule chifukwa mpweya ukuchepa, kenako atsekenso. Tsiku lomaliza Enelesi anatopa, nanena kuti akupita kukatunga madzi, koma anakakhala pansi pa mtengo wa mango kusewera ndi anzake. Pobwera anapeza chitseko chili chotsegula pang'ono, mayi ake atagona pafupi nacho, dzanja litatambasuka. Sanauzepo munthu aliyense za masewera aja.

Analira mopanda mawu, misozi ikugwera pamatabwa.

A Mphepo anatsitsa makeni awo awiri, nakhala pachulu chaching'ono.

"Ndakuzindikira, ndiwe mwana wa Elube. Chisiye chimenecho, mdzukulu wanga, ndi matabwa chabe. Tamvera ine. Ndinafika kuno mano onse ali m'kamwa, lero atsala anayi, ndipo ndaona anthu ambiri olankhula zoona pagulu. Masana amawaombera m'manja. Madzulo palibe wowapalira moto.

"Kuponi ya mayi ako sadya Jeremiya yekha. Thumba limodzi ndi lake, inde. Linalo amagawana mabanja anayi, ndi ndowa, ena ndi mbale. Ndi mmene anawatsekera pakamwa. Iwe ukakalifafanizitsa dzinalo, anthuwo sakada Jeremiya, akada iwe. Jeremiya ali ndi ngolo, maliro akagwa amanyamula bokosi ndi iyeyo. Iwe uli ndi chiyani? Vomera zimene wakuuzazo. Ugone m'kanyumba ka makasu, udye, ukule. Mwana wamasiye sasankha mphasa. Ine ndinavomera zambiri, ndipo ndine ndili moyo pano, anzanga olimba mtima aja anapita kale."

Enelesi anapukuta m'maso.

"Inu munavomera, agogo. Nanga nyumba yanu ili kuti?"

A Mphepo anaseka pang'ono, mano anayi aja akuoneka.

"M'chigafa cha Jeremiya. Fodya akatulukamo."

Belu la kusukulu linalira. Enelesi anazula singano, naibweza m'mpango. Anavula chitenje chakunja, nachipinda nkhata. Anayesa kudzutsa chitseko koma chinali chitamwa madzi a zaka ziwiri, matope akuchikakamira. Pansi pake panatuluka achule.

A Mphepo anayang'ana uku ndi uku. Kenako anagwira mbali ina, namusenzetsa.

"Ine sindinaone kanthu," anatero. "Ndinali kuthirira."

5. Pabwalo la sukulu

Anthu anadzaza pansi pa mitengo ya kesha. Alangizi, a Nelson, anakhala patebulo limene anabwereka m'kalasi, kaundula ali patsogolo, akomiti ali m'mbali. Dzina likatchulidwa, mwini wake ankaimirira, anthu n'kuvomera kuti ndi yemweyo.

Dzina la mayi Elube litafika, wapampando wa komiti ananong'oneza alangizi kuti mayiwo anatisiya, koma pakhomopo patsala mwana. Alangizi anaitana Enelesi. Palibe anaimirira. Anaitananso. A Jeremiya anapukuta thukuta ndi chipewa, akuyang'ana njira ya kudambo.

Ana ndi amene anayamba kuona. Kutali m'munda wofiira, pamene mpweya unkanjenjemera ndi kutentha, chitseko chinkayenda chokha. Miyendo sinkaoneka. Chinkangoyandama pamwamba pa mizere, chikubwera pang'onopang'ono, madzi akudontha m'mbuyo mwake.

"Taonani, nachonso chamva za makuponi," anatero mnyamata wina kumbuyo.

Anthu anaseka. Wina anati achilembe msanga, mwina chili ndi ana. Koma chitayandikira, utoto wobiriwira uja unaoneka, ndipo amayi amene ankaimba kwaya ndi mayi Elube anasiya kuseka mmodzimmodzi.

Enelesi anachitula patsogolo pa tebulo, nachiimika, nachigwira ndi dzanja limodzi. Matope anali atayenderera kumaso mpaka pachifuwa.

Alangizi anamufunsa ngati ndiye Enelesi. Anavomera. Anamufunsa ngati amakhala m'mudzimo, ndiponso kuti nyumba yake ili pati.

A Jeremiya anakhosomola. Enelesi sanawayang'ane.

"Nyumba yanga ndi iyi, bwana. Yatsala ndi imeneyi. Malata ali padenga la atsibweni. Mitengo ili ku chigafa chawo. Munda akulima ndi iwo. Ine ndimagona pakhonde la golosale, chaka chachitatu chino chayamba."



A Jeremiya anaimirira mwaulemu, chipewa chili m'manja. Anati mwanayu wasokonekera ndi moyo wa pamsika. Anati nyumba inagwa mwa mwambo, akuluakulu onse akudziwa, ndipo malata akungowasunga kuopa akuba. Anati iwo monga mwini mbumba achita kukamutenga okha pa njinga, onani malipiro ake. Analankhula bwino kwambiri. Anthu otere amalankhula bwino nthawi zonse.

Alangizi anafunsa gulu ngati mtsikanayo amakhala m'mudzimo. Amuna anayang'ana nsapato zawo. Amayi anakonza mipango. Pomaliza a Nelson anati iwo abwera kudzawerenga mayina a mabanja amene alipo, nkhani ya nyumba ikambidwe ndi eni mbumba. Anatenga cholembera, nadula mzere pa dzina la Elube. M'malo mwake sanalembemo lina.

Mayi wina wa m'mabanja anayi aja anadzuka, nakung'untha chitenje chake pafupi ndi Enelesi.

"Wachita bwino, mwana wa Elube. Ana anga akamadya gaga mu Febuluwale ndidzawauza dzina lako."

Alangizi anaitana dzina lotsatira.

6. Pabwinja

Palibe anamusenzetsa ulendo uno. Anachikoka chitsekocho, nachigoneka pamsana, nayenda chowerama mpaka pamene panali nyumba ya mayi ake.

Pabwinja panali mulu wa dothi, nsatsi zitamerapo zazitali kuposa munthu. Mtengo wa mango uja unali ndi timango tating'ono. Mwala wa pakhomo, umene mayi ake ankapalirapo mapazi, unali pomwepo.

Enelesi anazula nsatsi ziwiri zikuluzikulu, nasadza masamba. Anaimika chitseko kuseri kwa mwalawo, nachichirikiza ndi mitengo ya nsatsiyo ndi zidutswa za chipupa. Chinapendama, kenako chinaima.

Anabwerera m'mbuyo mapazi angapo. Zinali monga m'loto muja, chitseko chokha pakati pa munda, chopanda zipupa, chopanda denga. Koma mizere sinawonjezeke. Anayenda, nafika, nachigwira ndi chikhatho.

"Amayi, ndinali pamango," anatero motsitsa. "Sindinapite kumadzi."

Anazungulira kuseri. Kunalibe munthu. Kunali dothi lofunda, nyerere, ndi mbale yosweka. Anatulutsa singano, naibaya pamalo pake. Anakhala pansi mumthunzi wa chitsekocho, nadya banzi limodzi, linalo nasunga.

Dzuwa litapendeka, a Jeremiya anafika khasu lili paphewa. Sanakalipe. Anayenda kuzungulira bwinjalo akuwerenga mapazi, uku ndi uku, nakhoma chikhomo pangodya. Anatola dothi la pamulu, nalifikisa m'manja, nalinunkhiza. Zomutcha amayi awo zija zinali zitatha.

"Iwe, wandilanda fetereza. Chabwino. Nthaka ya pabwinja sifuna fetereza, fodya amakula yekha. Mawa m'mamawa ndikubwera ndi aganyu anayi kudzaunga mizere pano. Ndikadzapeza matabwawa, ndi nkhuni. Ndikadzapeza munthu, adziwa yekha."

Anatembenuka, napita.

Njira yobwerera kwa mayi Rahila inali pomwepo, maola atatu, ndipo kunja kunali kukadawala. Enelesi anaiyang'ana. Kenako anamasula nkhata ija, nayala chitenje kuseri kwa chitseko, pamene pankakhala mphasa ya mayi ake.

Kuchokera pamenepo nyumba ya a Jeremiya inkaoneka bwino. Malata khumi ndi awiri a mayi Elube anali padenga, akunyezimira ndi dzuwa la madzulo.